Mtovu wa Bambo Ake

Ludovina anabwera ataifukata m'kapulana
naitula pa tebulo langa, kuseri kwa msika wa Ulongwe,
pakati pa mafoni osweka
ndi wailesi yomwe mwini wake sanabwererenso.

"Ndi ya malemu bambo anga.
Anabwera nayo kuchokera ku Jeremani
ine ndisanamere mano."

Kompyuta yopanda nkhope,
mabatani okhaokha,
pulasitiki itachita chikasu ngati dzino la wosuta chingambwe.
Nkhope imachita kubwereka kwa kanema.

Sindinathamangire kuyatsa.
Wagona zaka makumi atatu sumudzutsa ndi mkuwo.
Ndinayamba ndainunkhiza.
Masikuluwu asanu ofanana, lachisanu ndi chimodzi lachilendo,
mutu wake wodyeka.
Munthu anafikamo kale muno.

M'kati: fumbi, mapiko a mphemvu,
makapasita awiri otupa ngati nkhupakupa zokhuta.
Ndinawazula, n'kubzala ena
omwe ndinakolola mu wailesi ya uja sanabwererenso.

Nditayatsa, kanema anangowaza mchenga,
kenaka mizere yotsetsereka
ngati mvula ya ku Domwe ukamaionera patali.

Pofunika mavoti asanu, singano ya mita inaima pa anayi.
Ikafunda, atatu.
Lachiwiri magetsi anathima tsiku lonse,
ndinakhala pakhomo kuwerenga malole a mbatatesi
olowera ku Tete.
Lachitatu ndinayenda ndi chala pa tchipi chilichonse
kufuna chotentha thupi. Zonse zinali zii.
Ndinatukwana Ajeremani,
ndinatukwana maso anga omwe ayamba kundinamiza madzulo.

Kenaka ndinatembenuza bolodi.

Apo!
Chibulumwa cha mtovu ngati nyemba,
chotuwa, chong'aluka pakati,
chitagwira kawaya kofiira komwe fakitale sinaikemo.
Si ntchito ya chowotcherera chamagetsi iyi.
Ndi msomali wotenthetsa pa makala.
Ndikuudziwa: nanenso ndinayambira pomwepo,
chipsera chake chikadali pa chala changa chachikulu.
Ndinamuona munthuyo atawerama pa mbaula,
akupemerera, akuthamangitsa msomali usanazizire,
dzanja likunjenjemera pa chinthu
chomwe anachigula ndi thukuta la ku chisanu.

Kukonza kwabwino n'kuyamwa mtovu wonsewo,
kutaya kawayako, kuika kanga kowongoka.
Mphindi ziwiri basi.
Ndinakhala ola lathunthu, tiyi mpaka kuzizira.

Ndinangokhudzitsa nsonga.
Mtovu wake unasungunuka, unanyezimira,
ndinadonthezapo wanga pang'ono,
mng'alu unatsekeka.
Singano inakwera n'kuima pa asanu, nji!

Pa kanema panabwera mawu omwe sinditha kuwatchula
ndi kabokosi kophethira,
kophethira.

Ludovina anakayang'ana nthawi yaitali.
"Nanga zomwe bambo ankalemba usiku zili pati?"

"Mayi, makina awa sasunga kanthu.
Ukathimitsa, aiwala.
Zonse zinkakhala pa kaseti."

Anaseka, kuseka kosafika m'maso.
Makasetiwo achimwene ake anawasolola kalekale
n'kuzunguliza tepi m'munda wa mapira
kuti iziopseza mbalame.
Zolemba za a Gervásio zinkalira ndi mphepo mpaka kukolola.

Ndinathimitsa. Ndinatembenuzanso bolodi,
ndinamulozera ndi nsonga ya sikuludiraiva.
"Apa si ine. Si Mjeremani."

Anakhudza ndi chikhadabo,
kachibulumwa kakadali kofunda.
"Ankagwira ndi lamanzere," anatero.
"Mayi ankawakalipira chifukwa chomaliza makala."

Tinakangana pang'ono za mtengo,
anachotsapo mametikali makumi asanu, ndinalola.
Potseka ndinatenga sikuluwu latsopano m'chitini
loti lilowe m'malo mwa lodyeka lija.
Anandigwira mkono.
"Bwezeranipo lomwelo."

Linavuta kulowa.
Ndinalimanga pang'onopang'ono,
kuopa kumaliza mutu wake.